Mafinya Amachokera Kuti? Mmene Ma Neutrophil Amadzukira Thupi Likatupa



Kuchipatala tikamati "asilikali a m'thupi", ambiri amaganiza za CD4, chifukwa ndi amene takhala tikuwawerenga kwa zaka zambiri pa nkhani ya HIV. Koma mwa maselo oyera a m'magazi a munthu wamkulu, oposa theka ndi a mtundu wina, wotchedwa neutrophil. Mafuta a m'mafupa athu amapanga ma neutrophil pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, ndipo tsiku lomwelo ena ochuluka chimodzimodzi amafa. Ndi aang'ono kwambiri: mutandanditsa 100 pamzere, angakwane milimita imodzi yokha. M'magazi sakhalitsamo, ndi nkhani ya maola chabe kapena tsiku.

Selo limeneli lanyamula zinthu zimene zingathe kusungunula mnofu wa mwini wake. Lili ndi mapuloteni odula nyama, lili ndi makina opangira poizoni. Ndiye funso limene ndikufuna tikhale nalo madzulo ano si loti neutrophil imapha bwanji tizilombo. Kupha n'kosavuta. Funso ndi loti, popeza maselo oopsa chonchi akuyenda mwa inu ndi ine pompano, n'chifukwa chiyani sakutiwononga? Yankho ndi lakuti neutrophil imayenda ili yomangidwa, ndipo imamasulidwa pang'onopang'ono, mfundo imodzi panthawi, pokhapokha ikafika pamalo oyenera.

Zizindikiro za kutupa kumene madokotala amati inflammation zinalembedwa kalekale. Celsus, mlembi wa ku Roma wa m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, anatchula zinayi: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Pakhungu lakuda ngati lathuli kufiirako sikuoneka bwino, n'chifukwa chake namwino wabwino amakhudza ndi kuseri kwa dzanja m'malo mongoyang'ana. Koma zimene zimachitika mkati zinadzaoneka mochedwa. Mu 1867 Julius Cohnheim wa ku Germany anatambasula kachikopa kopyapyala ka m'matumbo a chule wamoyo pansi pa maikulosikopu, n'kukhala pansi kuonerera. Anaona timitsempha tikutakasuka, magazi akuyamba kuyenda pang'onopang'ono, maselo oyera akukakamira m'mbali mwa mtsempha, kenako akubowola n'kutulukira kunja. Mphunzitsi wake, Rudolf Virchow, ankaphunzitsa kuti maselo a m'mafinya amabadwira pabala pomwepo. Wophunzirayo anasonyeza kuti amachokera m'magazi.

Tiyeni titsatire ulendo umenewo ndi chitsanzo chimodzi. Munthu akupalira, wapanda nsapato, munga wamubaya pansi pa phazi ndipo kansonga kake kathyokera momwemo.

Neutrophil siyamba kudziwa za munga. Amene amayamba kudziwa ndi maselo okhala mumnofumo, ma macrophage ndi ma mast cell. Iwo ali ndi tizigawo pakhungu lawo tozindikira zinthu zimene sizipezeka m'thupi la munthu, monga zikopa za mabakiteriya. Amazindikiranso zinthu zathu zomwe zikapezeka pamalo olakwika: selo likaphulika, za m'kati mwake zimatayikira panja, ndipo thupi limawerenga zimenezo ngati chizindikiro cha ngozi. Pamenepo ma mast cell amatulutsa histamine, ma macrophage amatulutsa TNF ndi interleukin-1. Timitsempha timatakasuka, ndiko kutentha ndi kufiira kuja. Madzi a m'magazi amadontha kulowa mumnofu, ndiko kutupa kuja.

Uthenga umenewu suyamba wapita kwa neutrophil. Umapita kwa maselo amene ayala mkati mwa mtsempha wa magazi, ndipo apa ndi pamene pali luso. Ma neutrophil amathamanga ndi magazi, sangathe kuona kuti pansi pa phazi pali vuto. Ndiye mtsempha wa pamalopo ndi umene umasintha. M'mphindi zochepa umatulutsa puloteni yomata yotchedwa P-selectin, imene inali itasungidwa kale m'timatumba mkati mwa maselo ake. Pakapita maola umapanganso ina, E-selectin. Neutrophil yodutsa imakodwa pamenepo, koma kugwira kwa selectin n'kofooka. Imagwira, n'kutaya, n'kugwiranso kutsogolo. Pa vidiyo ya maikulosikopu mumaona kaselo koyera kakugubuduka pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsempha pamene maselo ofiira akudutsa liwiro pakati.

Kugubudukako ndi nthawi yofufuza. Pakhoma la mtsemphawo pamakhala patapakidwa timankhwala toitana, totchedwa ma chemokine, ndipo kodziwika kwambiri mwa munthu ndi interleukin-8. Neutrophil ikagubuduka osapeza kanthu, imataya n'kubwerera m'magazi, nkhani yatha. Ikapeza, mfundo yoyamba imamasuka. Pakhungu lake pali mapuloteni otchedwa ma integrin, awiri ofunika ndi LFA-1 ndi Mac-1, amene nthawi zonse amakhala opindika, osatha kugwira kanthu. Uthenga wa chemokine ukalowa mkati mwa selo, kuchokera mkatimo mumatuluka lamulo loti awongoke. Amawongoka m'kanthawi kosakwana sekondi, n'kugwira puloteni ya pakhoma yotchedwa ICAM-1 zolimba. Neutrophil imaima. Inali yobulungira, tsopano imaphwatalala, n'kumakwawa kufunafuna pamene maselo awiri a khomalo akumana, ndipo imadzipanikiza pamenepo mpaka yatulukira kunja.

Mungafunse kuti tikudziwa bwanji kuti ma integrin amenewa ndi ofunikadi. Tikudziwa chifukwa cha ana amene amabadwa alibe. Ndi matenda osowa kwambiri, otchedwa leukocyte adhesion deficiency, ndipo chizindikiro chake choyamba azamba angachizindikire: mchombo wa khanda umachedwa kugwa, umatha milungu yambiri uli pompo. Mwanayo amadwala zilonda pafupipafupi, koma zilonda zake sizichita mafinya. Mukayeza magazi mumapeza ma neutrophil ochuluka kuposa a mwana wina aliyense. Alipo, akumva kuitana, koma sangathe kuima ndi kutuluka. Musachoke pano n'kumaopseza mayi aliyense amene mchombo wa mwana wake wachedwa masiku angapo. Nthawi zambiri sipakhala vuto lililonse.

Itatuluka mumtsempha, neutrophil imatsatira fungo, ngati tingalitchule choncho. Imayenda kulowera kumene timankhwala toitana tikuchuluka. Koma mumnofu wotupa muli maitanidwe ambiri nthawi imodzi, ndipo selo liyenera kusankha. Ofufuza anapeza kuti maitanidwewo ali ndi akulu ndi ang'ono. Interleukin-8 ndi kankhwala kena koitana kotchedwa leukotriene B4 amangosonyeza dera. Koma pali awiri amene amachokera pa tizilombo penipeni: C5a, kachidutswa ka puloteni ya m'magazi kamene kamadulidwa pamwamba pa bakiteriya, ndi tizidutswa ta mapuloteni a bakiteriya toyamba ndi formyl-methionine. Neutrophil ikamva awiriwa imasiya kumvera ena onse.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa formyl-methionine ikufotokoza chinthu chimene ogwira ntchito ku wodi ya ovulala amachiona. Maselo athu sayamba mapuloteni awo ndi chinthu chimenechi, kupatula malo amodzi: mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo, timene makolo ake akalekale anali mabakiteriya. Munthu akaphwanyika kwambiri pangozi ya galimoto, mitochondria a maselo ophwanyikawo amatayikira m'magazi, ndipo ma neutrophil amadzuka ngati kwalowa mabakiteriya. Munthuyo angathe kutentha thupi, mapapo ake n'kuyamba kuvutika, popanda kachilombo ngakhale kamodzi.

Ma neutrophil oyamba kufika saitanidwa chabe ndi uthenga wa ena, amayambanso kuitana okha. Aliyense amatulutsa leukotriene B4, wotsatira akamva amatulutsanso yake, ndipo uthenga umafalikira kutali. Tim Lämmermann ndi anzake anajambula zimenezi mu 2013 pakhungu la khutu la mbewa: kabala kakang'ono, maselo ochepa akufika, kenako mwadzidzidzi mazanamazana akuthamangira pamalo amodzi n'kuunjikana. Kabalako kakakulirako, uthenga umafika mpaka m'mafupa kudzera m'kankhwala kotchedwa G-CSF, ndipo nkhokwe ya ma neutrophil imatsegulidwa. Vuto likakula kwambiri mafupa amatumiza ngakhale maselo osakhwima, ndipo wa mu labotale amawaona pagalasi.

Tsopano tafika pa mfundo imene ndimaiona kuti ndiyo mtima wa nkhani yonseyi, ndipo mabuku ambiri a ophunzira amaidutsa mwachangu. Pakati pa neutrophil yogona ndi neutrophil yolusa pali gawo lachitatu, limene akatswiri amati priming. Mukatenga ma neutrophil a munthu wathanzi, kuwaika m'kabotolo, n'kuwathira tizidutswa ta mapuloteni a bakiteriya tija, totchedwa formyl peptide, amatulutsa poizoni wochepa kwambiri. Mukayamba mwawathira TNF pang'ono kapena GM-CSF, palibe chachikulu chimaoneka. Koma mukadikira mphindi zingapo n'kuthira formyl peptide yomwe ija, poizoni amatuluka wochuluka kuwirikiza kangapo. Uthenga woyamba sunalamule kuti selo liphe, unangolikonzekeretsa. Ulendo wonse uja, kugubuduka, kugwira, kudzipanikiza pakhoma, ndi mbali ya kukonzekeretsako. Neutrophil imene yangokhala m'magazi siinadutse m'zimenezi, ndiye ngakhale itakumana ndi kachizindikiro kosochera, siyaka.

Kodi kukonzekerako n'kutani kwenikweni? Chida chachikulu cha neutrophil ndi makina otchedwa NADPH oxidase, ndipo makinawa amasungidwa ali ophwasula. Zigawo ziwiri zili pakhungu la selo ndi la timatumba take. Zina zitatu, pamodzi ndi kapuloteni kotchedwa Rac2, zikuyandama mkati. Zili ngati mmene mayi wanzeru amasungira parafini pakona ina ndi machesi pamwamba pa kabati. Priming imasuntha zigawozi kuti ziyandikane. Uthenga wachiwiri ndi umene umazilumikiza.

Uthenga wachiwiriwo nthawi zambiri umakhala bakiteriya yeniyeniyo. Madzi a m'magazi amene anadontha aja anabwera ndi ma antibody ndi mapuloteni a complement, amene amamatirira pa bakiteriya. Neutrophil imagwira pa zomatirirazo, n'kutambasula khungu lake kuzungulira bakiteriyayo mpaka yaitsekera m'kathumba mkati mwake. Munthu woyamba kumvetsa kuti kumeza kumeneku ndi chitetezo anali Élie Metchnikoff. Mu 1882, ali ku Messina pachilumba cha Sicily, analasa minga ya maluwa m'timphutsi toonekera mkati ta nyama ya m'nyanja yotchedwa starfish, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo oyendayenda atazinga mingayo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908 limodzi ndi Paul Ehrlich, amene utoto wake ndi umene unathandiza kusiyanitsa mitundu ya maselo oyera.

Makina a NADPH oxidase aja amalumikizidwa pakhoma la kathumba ka bakiteriya kaja, kuloza mkati. Selo limayamba kumwa okosijeni wambiri mwadzidzidzi, osati kuti lipume. Bernard Babior anasonyeza mu 1973 kuti okosijeniyo amasandutsidwa superoxide. Superoxide amasanduka hydrogen peroxide. Kenako puloteni yotchedwa myeloperoxidase imatenga hydrogen peroxide ndi chloride, yemweyo wa mu mchere, n'kupanga hypochlorous acid. Imeneyi ndi imene imapha tizilombo mukathira WaterGuard kapena klorini mu ndowa ya madzi nthawi ya kolera. Thupi limapanga yake, m'kathumba kotsekedwa bwino. Myeloperoxidase ndi yobiriwira, ndipo ndi imene imapatsa mtundu mafinya ndi makhololo obiriwira. Ndiye makhololo obiriwira akutiuza kuti ma neutrophil afika ambiri. Sakutiuza kuti munthu akufunika amoxicillin, chifukwa chimfine wamba cha vairasi chimawaitananso. Izi ndikunenera amene amagula makapisozi pa golosale akangoona mtundu wa mamina.

Pali ana enanso amene amatiphunzitsa pano. Odwala chronic granulomatous disease, ambiri a iwo anyamata chifukwa mtundu wofala wa matendawa umadzera pa chromosome X, amabadwa chigawo chimodzi cha makina aja chili chowonongeka. Ma neutrophil awo amaima, amatuluka, amameza, koma Staphylococcus aureus amakhala wamoyo m'kathumbamo. Amadwala zithupsa za m'chiwindi ndi m'mapapo mobwerezabwereza, komanso nkhungu yotchedwa Aspergillus.

Timatumba ta neutrophil nato timatsegulidwa motsatana. Tosavuta kutseguka tili ndi zinthu zothandiza kugwira khoma la mtsempha. Totsatira tili ndi zodulira njira mumnofu, ndi lactoferrin imene imalanda ayironi kuti mabakiteriya asowe chakudya. Toopsa kwambiri, tokhala ndi elastase ndi myeloperoxidase, ndi tovuta kutsegula kuposa tonse, ndipo nthawi zambiri timakhuthulira m'kathumba ka bakiteriya osati panja.

Njira yomaliza inapezeka posachedwa. Mu 2004 Volker Brinkmann ndi Arturo Zychlinsky a ku Max Planck Institute ku Berlin anafotokoza kuti neutrophil imatha kumasula DNA yake n'kuiponya panja, itapakidwa mapuloteni akupha aja, kuti tizilombo tikodwemo. Ulusi umenewu amautcha ma NET. Ndi umodzi mwa zimene zimachititsa mafinya kukhala onanda.

Ndiye mafinya a pa munga paja ndi ma neutrophil akufa, DNA yawo, mabakiteriya, ndi mnofu umene elastase yasungunula. Kusungunukako kuli ndi phindu lake: kansonga ka munga kamamasuka n'kutuluka nawo. Koma mafinya akaunjikana n'kukhala chithupsa chachikulu, mkati mwake simufika magazi, ndipo mankhwala akumwa salowamo bwino. N'chifukwa chake dokotala amatumbula. Kufinya ndi zala chithupsa chosapsa kumangokankhira mabakiteriya mkati, makamaka cha pamphuno kapena pamlomo wa m'mwamba, pamene mitsempha yake imalumikizana ndi ya m'mutu.

Kuzimitsa kutupa nako ndi ntchito, sikuchitika kokha. Neutrophil imene yamaliza ntchito imadzipha mwadongosolo, khungu lake lili lotsekedwa kuti poizoni asatayike, ndipo imaika chizindikiro panja choti idyedwe. Macrophage ikaimeza imasintha khalidwe: imaleka kutulutsa TNF, n'kuyamba kutulutsa zoziziritsa ndi zomangira mnofu. Thupi limaleka kupanga leukotriene B4 n'kuyamba kupanga ma lipoxin ndi ma resolvin, amene Charles Serhan wa ku Harvard wathera zaka zambiri akuwafufuza. Timankhwala timeneti timauza mtsempha kuti usakolenso ma neutrophil ena.

Matenda ambiri amene timalimbana nawo ndi kulephera kwa dongosolo limeneli. Mabakiteriya akalowa m'magazi, pa sepsis, TNF imafalikira thupi lonse, ndipo ma neutrophil amakonzekeretsedwa ali m'magazi momwe, asanafike pabala lililonse. Amauma, amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta m'mapapo, n'kuyakira momwemo. Mapapo amadzaza madzi. Zofanana ndi zimenezi zinaoneka mwa odwala COVID-19 kwambiri, amene ma NET anapezeka m'timagulu ta magazi oundana m'mapapo awo. Pa nyamakazi ya gout palibe kachilombo n'komwe: timiyala ta uric acid m'chala chachikulu cha kuphazi ndi timene timaitana ma neutrophil, ndipo colchicine amathandiza chifukwa amawalepheretsa kuyenda. Pa chifuwa chachikulu chimene chakula, ma neutrophil amadzaza m'makhololo, ndipo mapuloteni awo odula nyama ali ndi mbali pa mabowo amene timaona pa X-ray. Utsi wa fodya umafooketsa alpha-1 antitrypsin, puloteni imene ntchito yake ndi kugwira elastase yotayika, ndiye mapapo a wosuta amadyeka pang'onopang'ono.

Kwathu kuno kulinso mbali ina, ya ma neutrophil ofooka. Madokotala a ana ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ngati anzawo a m'mayiko ena a mu Africa, akhala akuona kwa zaka zambiri kuti ana amene adwala malungo kwambiri ndi kuchepa magazi amagwidwa kawirikawiri ndi Salmonella wolowa m'magazi. Ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anasonyeza mu 2012, poyamba pa mbewa kenako pa ana a ku Gambia, kuti malungo akamaswa maselo ofiira, heme yotayikayo imachititsa kuti ma neutrophil atuluke m'mafupa mphamvu yawo yopanga superoxide ili yochepa, ndipo kufookako kumatha milungu ingapo malungo atatha. Mwana amene wamaliza mankhwala a malungo a LA koma thupi latenthanso asangopatsidwa LA wina. Shuga wokwera nayenso amafooketsa kuyenda ndi kupha kwa ma neutrophil, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kabala ka paphazi la wodwala shuga kamakulira msanga.

Chotsala ndi pepala la ku labotale, chifukwa ambiri a inu a zaumoyo mudzaligwira m'manja. Mabuku ambiri amati munthu wamkulu akhale ndi ma neutrophil kuyambira cha m'ma 2,000 kufika 7,500 pa maikulolita imodzi ya magazi, ndipo osakwana 1,500 amati ndi ochepa. Manambala amenewa anachokera makamaka kwa azungu. Anthu ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara alibe puloteni yotchedwa Duffy pa maselo awo ofiira, zimene zimawateteza kwambiri ku malungo a mtundu wa Plasmodium vivax. Anthu omwewo amakhala ndi ma neutrophil ocheperako m'magazi, koma sadwala matenda a mabakiteriya kuposa anzawo, ndipo pakabuka vuto mafupa awo amatumiza bwinobwino. Achibale athu okhala ku Britain kapena ku America ena ayezedwa mobwerezabwereza, ena kuimitsidwa mankhwala ofunika, chifukwa cha nambala imene kwa iwo ndi yachibadwa.

Nambala yokwera nayo imanama. Pafupifupi theka la ma neutrophil a m'mitsempha amakhala atatsamira m'mbali, ndipo jekeseni yotenga magazi siwapeza. Munthu akathamanga, akachita mantha, kapena akamamwa prednisolone, amachoka m'mbalimo n'kulowa pakati, ndipo pepala limaonetsa nambala yokwera popanda matenda. Pamene simuyenera kuzengereza ndi apa: wodwala khansa amene akulandira chemotherapy, ma neutrophil ake atsika pansi pa 500, ndipo thupi latentha. Ameneyo sadzatupa, sadzachita mafinya, chifukwa opanga mafinyawo palibe. Kutentha thupiko kungakhale chizindikiro chokhacho chimene mungapatsidwe, ndipo mankhwala opha mabakiteriya ayenera kulowa mumtsempha ola limodzi lisanathe.

A tcheyamani, ndaona kuti kumbuyoko manja akwezedwa kale. Tiyambe ndi mayi avala yunifolomu yoyerawo.